Mlendo wa kope ndi cholembera: amamulipirira ndani, nanga mayankho anu amapita kuti?

Mwina zinakuchitikiranipo. Muli pakhonde mukutongola chimanga, kapena mwangofika kumene kuchokera kudimba, ndipo mukumva odi. Pabwalo paima a nyakwawa ndi mlendo. Mlendoyo ndi wachinyamata, chikwama kumsana, kope ndi cholembera m'manja. Pena ndi mwana wa ku Maputo kapena ku Beira. Pena ndi mzungu amene wabwera ndi womasulira. Mukumuyalira mphasa, mafunso nkuyamba. Pakhomo pano mumagona anthu angati? Chaka chatha munakolola matumba angati? Mbatatesi mumagulitsa kuti, ku Ulongwe kapena ku Lizulu? Ndalama ya fodya amasunga ndani, bambo kapena mayi?

Mukuyankha zonse, poti mlendo samanidwa mawu. Dzuwa litapendeka iye akuthokoza, akukwera njinga yamoto, ulendo. Akuluakulu amati mlendo ndi mame. Koma mlendo uyu sanapite chimanjamanja. Wapita ndi mayankho anu.

Tsiku lina ndikuyendera kalasi ya akuluakulu kuno ku Domwe, mayi wina anakweza mkono. Anati: "Aphunzitsi, anthu awa amangotifunsa chaka ndi chaka. Amawatuma ndani? Nanga zimene timawauzazo amakachita nazo chiyani?" Funso limeneli ndi lanu nonse. Tiyeni tiliyankhe pang'onopang'ono.

Kodi mlendoyu ndani?

Alendo ofunsa mafunso alipo amitundumitundu. Ena ndi a boma, monga owerenga anthu a INE amene anayenda khomo ndi khomo mu 2017. Ena ndi alangizi a zaulimi. Ena ndi a makampani ogula mbewu. Lero tikamba za gulu limodzi lokha: ophunzira a ku yunivesite amene akufufuza za moyo wa anthu.

Maphunziro a ku yunivesite ali ndi masitepe atatu. Sitepe yoyamba ndi licenciatura, imene kawirikawiri imatenga zaka 4 munthu akamaliza kalasi 12. Yachiwiri ndi mestrado, ya zaka 2. Yachitatu ndi doutoramento, ya zaka 3 kapena kuposapo. Kuno tinazolowera kuitana aliyense wa digiri kuti dotolo, koma udotolo weniweni wa maphunziro uli pa sitepe yachitatuyi.

Pa mestrado ndi pa doutoramento, kukhoza mayeso a m'kalasi sikokwanira. Wophunzira ayenera kulemba buku lakelake, limene pa Chipwitikizi amati dissertação kapena tese. Saloledwa kukopera za ena. Amasankha funso limene silinayankhidwe bwino, napita kwa anthu odziwa, kuti akamve, akaone, akalembe. Funsolo likakhala la ulimi wa soya, la chikamwini, la malonda a m'malire, kapena la mmene anthu anamangiranso midzi nkhondo itatha, odziwa ake ndinu. Ndiye kuti mlendo wakhala pamphasa panuyo ndi mwana wa sukulu, ndipo tsiku limenelo mphunzitsi wake ndinu.

Ndalama zake zimachokera kuti?

Kafukufuku amadya ndalama. Pafunika ya basi kuchokera ku Maputo kapena ku Beira mpaka ku Tete, kenako ku Ulongwe, kenako njinga yamoto yofikira kumidzi. Pafunika pogona ndi chakudya kwa miyezi ingapo. Pafunika kulipira womasulira, kugula kachipangizo kojambulira mawu, ndi kulipira wolemba pa kompyuta zonse zimene zajambulidwa. Ndalamazi zimachokera mbali zitatu.

Mbali yoyamba ndi thumba la wophunzira yemweyo. Ambiri mwa ana a dziko lino amene akuchita mestrado ndi anthu apantchito: aphunzitsi, anamwino, ogwira ntchito m'maofesi. Usana ali kuntchito, madzulo ali m'kalasi, ndipo fizi amalipira ndi malipiro awo. Mukaona wotere wafika ndi nsapato zafumbi, dziwani kuti mwina wachita kukongola ya ulendo.

Mbali yachiwiri ndi boma. Kuli ofesi yotchedwa Instituto de Bolsas de Estudo, mwachidule IBE, imene imagawa ma bolsa. Bolsa ndi ndalama yothandiza munthu kuphunzira, kuno kapena kunja kwa dziko. Kulinso thumba lotchedwa Fundo Nacional de Investigação, mwachidule FNI, limene limalipirira ntchito za kafukufuku.

Mbali yachitatu ndi mabungwe akunja. Ku New York kuli bungwe la Social Science Research Council. Kwa zaka zoposa 20 kuyambira mu 1997, bungweli linkapatsa ndalama ophunzira a doutoramento a m'mayunivesite a ku United States kuti akachite kafukufuku m'mayiko ena. Kumeneko kulinso bungwe la Wenner-Gren, limene limathandiza ofufuza za chikhalidwe cha anthu, posayang'ana dziko limene wophunzirayo akuchokera. Muno mu Africa muli CODESRIA, bungwe limene linayamba mu 1973 ndipo likulu lake lili ku Dakar, m'dziko la Senegal. Bungweli lakhala likupereka ndalama zocheperapo kwa ophunzira a m'mayunivesite a mu Africa kuti amalize kulemba mabuku awo.

Ndalama zimenezi sizitoledwa panjira. Wophunzira amayamba walemba pempho. M'pemphomo amafotokoza funso lake, dera limene adzapite, miyezi imene adzakhale, ndalama zimene adzawononge, ndiponso mmene adzatetezere anthu omuyankha. Opempha amachuluka, osankhidwa amachepa. Wosankhidwayo pomaliza amakapereka lipoti la mmene ndalama yayendera.

Apa pali phunziro lalikulu. Bolsa ya kafukufuku si ndalama ya chitukuko. Wophunzira sanabwere ndi feteleza, mjigo kapena malata a sukulu, ndipo wachilungamo amanena zimenezi poyamba pomwe. Ena mwa ife tikaona kope timaganiza kuti ndi kaundula wa thandizo. Timabisa mbuzi, timachepetsa matumba, timachulukitsa ana amasiye. Thandizolo silibwera, koma bodza lija lalembedwa. Mawa likawerengedwa ndi okonza mapulani a boma, adzakonza za Domwe wina amene kulibe. Ngati simukufuna kuyankha, kukana nkwabwino kuposa kunama.

Si zachilendo kuno ku Angónia

Dera lathu lino lafufuzidwapo kangapo, ndipo zitsanzo ziwiri zitithandiza.

Mu 1976, pa yunivesite ya Eduardo Mondlane ku Maputo panakhazikitsidwa Centro de Estudos Africanos. Mkulu wake anali Aquino de Bragança, ndipo woyang'anira kafukufuku anali Ruth First, mayi wa ku South Africa amene anathawa ulamuliro watsankho. Ophunzira a pamenepo sankangokhala m'kalasi. Chaka ndi chaka ankapita kumidzi ndi aphunzitsi awo kukafunsa alimi ndi antchito. Mu 1982 anabwera kuno ku Angónia. Achikulire mukukumbukira kuti nthawi imeneyo kunali minda ikuluikulu ya boma ya CAIA. Ofufuzawo ankafuna kudziwa mmene mabanja a alimi wamba akukhalira pambali pa minda imeneyo. Lipoti lawo linatuluka mu 1983. Ruth First sanalione. Pa 17 Ogasiti 1982 anaphedwa mu ofesi yake ndi bomba lotumizidwa m'phukusi ndi apolisi a boma latsankho la South Africa. Zikusonyeza kuti kufunsa mafunso ndi kulemba zoona si masewera. Alipo amphamvu amene amakuopa.

Patapita zaka 10 kunabwera wina. Nkhondo inali itathamangitsira anthu oposa miliyoni imodzi ku Malawi, ndipo ambiri a inu munali m'gulu lomwelo, ku Dedza kapena ku Ntcheu. Pangano la mtendere linasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mu 1992 ndi 1993, mnyamata wa ku Finland dzina lake Harri Englund, amene ankachita doutoramento ku yunivesite ya Manchester, anakhala m'midzi ya m'malire a Dedza ndi Angónia. Anaphunzira chinenero chathu, nacheza ndi anthu popanda kudalira womasulira. Buku lake linatuluka mu 2002, ndipo mutu wake ndi From War to Peace on the Mozambique-Malawi Borderland. Bukuli limasonyeza kuti othawa nkhondo sanali anthu ongodikira ufa wa thandizo. Ubale, maukwati ndi mikangano ya ufumu ndi zimene zinkaongolera mmene nkhondo inalowera m'mudzi, kumene munthu anathawira, ndiponso mmene anabwererera. Lero Englund ndi pulofesa ku yunivesite ya Cambridge, ndipo ophunzira a m'mayiko ambiri amadziwa za malire athu ano kudzera m'bukulo.

Tsono taonani. Lipoti la 1983 lili m'Chipwitikizi. Buku la 2002 lili m'Chingelezi. Nzeru zili m'menemo zinatuluka pakamwa pa makolo athu, m'chinenero chathu. Ndi angati kuno anawerengapo, kapena kuwerengeredwa? Ichi ndiye chifukwa chake mlendo wotsatira akadzafika, musadzangoyankha. Inunso mudzafunse.

Mafunso asanu ofunsa mlendo

Safunsa anadya phula. Musanayankhe funso lake loyamba, mufunseni asanu awa. Si mwano. Wophunzira wophunzitsidwa bwino amawayembekezera.

Loyamba: Ndinu ndani, ndipo mwachokera ku yunivesite iti? Aonetse kalata yotchedwa credencial. Kalatayi imachokera kusukulu kwake, ndipo iyenera kuti yadutsa kwa akuluakulu a boma ku Ulongwe ndi ku posto ya Domwe, ndi kudindidwa, asanafike kwa mfumu. Tsopano mukudziwa kuwerenga. Yang'anani dzina, tsiku ndi chidindo. Ngati mafunso ake ndi a matenda kapena akufuna kutenga magazi, afunikanso chilolezo cha komiti ya zaumoyo yoona kuti ofufuza sakuvulaza anthu.

Lachiwiri: Akukulipirirani ndani? Si funso lochititsa manyazi. Wolipira amakhala ndi chimene akufuna kudziwa. Mafunso a za munda wanu ochokera kwa mwana wa sukulu ndi osiyana ndi mafunso omwewo ochokera kwa munthu wofuna malo.

Lachitatu: Dzina langa mulilemba? Pa kafukufuku wabwino mayina amabisidwa kapena kusinthidwa, makamaka nkhani ikakhudza ndale, malire a munda, matenda kapena za m'banja. Chithunzi ndi mawu anu asajambule musanalole.

Lachinayi: Ndikakana chichitike nchiyani? Yankho loona ndi lakuti palibe. Mungakane zonse, mungadumphe funso limodzi, mungasiye pakati. Simutaya thandizo lililonse la boma chifukwa chokana. Ngakhale a nyakwawa atavomera kuti mlendo alowe m'mudzi, sanavomerere pakamwa panu. Mwamuna savomerera mkazi wake. Aliyense amavomera yekha.

Lachisanu: Mudzabweranso liti kudzatiuza zimene mwapeza? Funso ili ndi limene ambiri timaiwala. Pemphani kuti akamaliza adzachititse msonkhano m'mudzi, kapena atumize tsamba limodzi kapena awiri olembedwa m'chinenero chathu, kudzera kwa mfumu, kusukulu kapena ku wailesi ya m'dera. Tsamba lotere tingathe kuliwerenga pamodzi m'kalasi, nkuona ngati analemba zoona.

Kawirikawiri mlendo amakhala ndi pepala la chilolezo loti musaine. Pa Chipwitikizi amati consentimento informado, ndiye kuti kuvomera utamvetsa. Musasaine musanaliwerenge. Likakhala m'Chipwitikizi chovuta, aliwerenge munthu amene mwasankha inu, osati womasulira wa mlendoyo yekha. Pemphani kuti pepala lina longa lomwelo litsale ndi inu. Pepala la kafukufuku silinena za kupereka munda, silikhudza DUAT, silifuna nambala yachinsinsi ya foni yanu, ndipo silifuna kuti mulipire ngakhale metikali imodzi. Mukaona zoterezi, bwezani cholembera ndipo kadziwitseni a mfumu kapena a ku posto.

Tsiku la defesa: chitseko nchotsegula

Mlendo uja akachoka kuno amakakhala miyezi, mwina zaka, akulemba. Pomaliza pamabwera tsiku lotchedwa defesa, ndiye kuti kuteteza. Limafanana ndi bwalo la milandu la kwa mfumu. Kutsogolo kumakhala oweruza: wapampando, mphunzitsi amene anamuongolera, ndi wina amene ntchito yake ndi kutsutsa. Wophunzira amaimirira nafotokoza zimene anapeza. Kenako wotsutsa amamupanikiza: Unafunsa anthu angati? Akazi unawafunsa? Ukudziwa bwanji kuti sanakunamize? Oweruza akakhutira amamupatsa malikisi, digiri nkutheka.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti defesa kawirikawiri imachitika poyera. Abale ndi anthu ena amaloledwa kulowa ndi kumvetsera. Mayunivesite amakhalanso ndi masiku otchedwa jornadas científicas, pamene aphunzitsi ndi ophunzira amaonetsa zimene afufuza, ndipo omvera amafunsa mafunso.

Zimenezi si za ku Maputo kokha. Ku Ulongwe kuli Faculdade de Ciências Agrárias, nthambi ya zaulimi ya yunivesite ya Zambeze, imene likulu lake lili ku Beira. Mumzinda wa Tete muli nthambi ya yunivesite ya Púnguè, imene inakhazikitsidwa mu 2019. Kuno ku Angónia kulinso malo a bungwe lofufuza zaulimi la IIAM ku Ntengo Umodzi, kumene amayesera mbewu. Gulu lanu la alimi, kapena kalasi yanu, lingathe kulemba kalata yofunsa tsiku la zochitika zoterezi ndi kupempha kuti litumize nthumwi. Kalatayo ikhale ntchito ya m'kalasi sabata ino. Vuto lilipo: zokamba zimakhala m'Chipwitikizi. Pitani ndi mwana wa sekondale kapena mphunzitsi wanu kuti akumasulireni. Malamulo aakulu a dziko lino, pa ndime 9, amati boma limalemekeza zinenero zathu. Choncho kufunsa funso m'Chinyanja pabwalo la yunivesite si kulakwa. Wokamba za soya wa ku Domwe akamva funso la mlimi wa soya wa ku Domwe, amene apindule kwambiri ndi iyeyo.

Mawa wofunsa akhale mwana wanu

Dzina limene yunivesite yaikulu ya dziko lino imadziwika nalo ndi la munthu amene anayamba ngati mbusa wa ziweto. Eduardo Mondlane anabadwa mu 1920 ku Manjacaze, m'chigawo cha Gaza. Sukulu anayamba mochedwa, mothandizidwa ndi amishoni a ku Switzerland. Ku South Africa boma latsankho linamuchotsa pa yunivesite mu 1949. Sanagwe mphwayi. Mu 1951, ali ndi zaka 31, analowa koleji ya Oberlin ku United States ndi bolsa ya bungwe la Phelps-Stokes. Pambuyo pake anachita mestrado ndi doutoramento ku yunivesite ya Northwestern, pa maphunziro omwewa a za moyo wa anthu. Anagwira ntchito ku United Nations, ndipo mu 1962 anasankhidwa kukhala mtsogoleri woyamba wa FRELIMO. Pa 3 Febuluwale chaka chilichonse timakumbukira tsiku limene anaphedwa ku Dar es Salaam mu 1969. Tisaiwale kuti ngwazi imeneyi inali mwana wa sukulu wophunzira ndi ndalama za bolsa, ndiponso kuti inachedwa kuyamba monga mmene ena a ife tachedwera.

Nanga kholo lingachite chiyani? Choyamba, mwana amalize kalasi 12, wamkazi ndi wamwamuna yemwe. Palibe bolsa ya ku yunivesite imene imapeza mwana amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha banja kapena ganyu. Chachiwiri, mapepala akhale okonzeka nthawi isanakwane: kalata ya kubadwa, BI, NUIT ndi satifiketi ya sukulu. Dzina lilembedwe chimodzimodzi pa mapepala onse. Ambiri amene anabadwira kapena kuphunzira ku Malawi ali ndi dzina lolembedwa mwina uku, mwina uko, ndipo chilembo chimodzi chingathe kubwezetsa pempho. Chachitatu, tcherani khutu ku chilengezo chotchedwa edital. Chimatuluka m'nyuzipepala, pa wailesi, pa intaneti ndi pa bolodi la sukulu. Chimanena amene angapemphe, mapepala ofunika ndi tsiku lotsekera. Tsikulo likadutsa, ladutsa. Chachinayi, bolsa sigulidwa. Wina akakuuzani kuti mugulitse ng'ombe kuti iye akonze zinthu ku Maputo, ameneyo ndi wakuba.

Mwana wanu akadzafika pa mestrado kapena pa doutoramento, adzalimbirana ndalama za kafukufuku ndi ophunzira a m'mizinda ndi a kunja. Iwo adzakhala ndi mabuku ambiri. Iye adzakhala ndi chimene iwo amalipirira womasulira: chinenero, njira za m'midzi, ndi kudziwa kuti funso liti limafunsidwa kwa a malume, liti kwa a mfumu. Pamenepo mayankho a Domwe sadzapita ndi mame. Wowalemba adzakhala wobwera kudzadya nsima pakhomo pomwepo, ndipo akalemba zabodza mudzamufunsa.

Mawu atsopano

Bolsa: ndalama yothandiza munthu kuphunzira kapena kufufuza.
Credencial: kalata yosonyeza kumene mlendo wachokera ndi chimene wadzera.
Tese: buku limene wophunzira amalemba kuti alandire digiri yapamwamba.
Defesa: tsiku limene wophunzira amateteza buku lake pamaso pa oweruza.
Edital: chilengezo cholembedwa, chonena zofunika ndi tsiku lotsekera.

Zokambirana m'kalasi

Ndi alendo angati ofunsa mafunso amene anafika m'mudzi mwanu zaka ziwiri zapitazi? Ndi angati anabweranso kudzanena zimene anapeza?

Lembani m'kope mwanu mafunso asanu aja. Awiriawiri, wina akhale mlendo, wina mwini khomo, ndipo muyeseze.

Mukanakhala inu ofufuza, ndi funso liti la kuno ku Domwe limene mukanafuna kuti liyankhidwe? Lilembeni m'chiganizo chimodzi, ndipo mudzabwere nalo sabata yamawa.